Vinyo wa lero ndi vinyo wodikira: zolemba za m'minda ya mphesa ku Cape

Lolemba, Constantia

Pa lesitilanti imene ndimagwirapo ntchito ku Cape Town, funso lovuta si la mtengo ayi. Kasitomala amaloza dzina pamndandanda n'kufunsa kuti, kodi vinyo uyu wakhwima kapena adakali mwana? Yankho langa limakhala loloweza kuchokera kwa amene amatigulitsa katunduyo. Tchuthi chino ndati ndikadzionere ndekha kumene vinyo wofiira amafululidwa. Alamu anga, amene mowa sakhudza n'komwe, avomera kuyendetsa galimoto, bola mafuta ndi chakudya zikhale pamutu panga. Malichi tamusankha dala, chifukwa mphesa za Cabernet Sauvignon zimachedwa kupsa, ndiye minda yambiri idakali pa kalikiliki wothyola.

Tayambira pafupi, ku Groot Constantia, kuseri kwa Table Mountain. Mundawu anauyambitsa Simon van der Stel, mtsogoleri wa atsamunda achidatchi ku Cape, mu 1685, patangopita zaka 26 chifinyireni vinyo woyamba wa ku Cape pa 2 Febuluwale 1659. Nyumba zake zoyera mbee ndi mitengo ikuluikulu ya oak n'zokongola, wotsutsa palibe. Koma amene ankalima, kuthyola ndi kuponda mphesazo anali akapolo ochokera ku Mozambique, Madagascar, India ndi zilumba za Indonesia, ndipo ukapolo utathetsedwa mu 1834 anawagwiritsabe ntchito mokakamiza mpaka 1838. Alendo anzathu anali kalikiliki kujambula zipupa. Ine maganizo anali pa anthu a ku Mozambique aja.

Chimene chinatchukitsa Constantia kale ndi vinyo wotsekemera, osati amene ndikusaka ine, choncho sitinakhalitse. Chokhacho chimene chatsala m'mutu mwa alamu ndi kandowa kolavuliramo. Ati chibadwire sanaonepo munthu akulipira ndalama kuti alavule. Ndawauza kuti popanda kandowako, pofika tambula yachisanu vinyo aliyense amakhala wabwino.

Lachiwiri, m'munsi mwa phiri la Simonsberg

Lero ndiye ulendo wayamba. Munda wa Kanonkop uli pamsewu wa R44 kumpoto kwa Stellenbosch, ndipo munthu asanafike pakhomo amalandiridwa ndi fungo la mphesa zowira. Kuno amafululira m'zitsime za simenti, zotambalala ndi zosavindikira. Mphesa zophwanyidwa zikayamba kuwira, mpweya umakankhira makoko pamwamba mpaka achite chikhakha. Antchito amaimirira m'mphepete ndi mitengo yaitali n'kumawamizanso makokowo maola awiri aliwonse, usana ndi usiku, kwa masiku angapo. Ntchito yowawa msana imeneyi ili ndi chifukwa chake. Madzi a mphesa, ngakhale yakuda bii, ndi oyera. Ufiira wonse uli m'makoko, ndipo m'makoko ndi m'njere ndimo muli tanini, chinthu chija chimamanga m'kamwa. Tanini alinso m'masamba a tiyi, n'chifukwa chake tiyi wokhalitsa m'ketulo amaumitsa lilime. Wofulula akatenga tanini wochepa, vinyo sachedwa kufooka. Akatenga mopyola, vinyo amakhala waukali mpaka kalekale.

Mphesa imene inakweza dzina la mundawu ndi Pinotage, yobadwira konkuno. Mu 1925 Abraham Perold, pulofesa wa ulimi wa mphesa pa yunivesite ya Stellenbosch, anakwatitsa mitundu iwiri ya mphesa, Pinot Noir ndi Cinsaut, napeza njere zinayi zokha zimene anadzala pabwalo la nyumba yake. Atasamukira ntchito ku KWV, kopaletivi ya alimi a mphesa, timitengoto tinatsala pang'ono kulimidwa pamodzi ndi thengo. Anatipulumutsa ndi mphunzitsi wachinyamata Charlie Niehaus. Dzina la Pinotage linaoneka koyamba pabotolo mu 1961, pa vinyo wa Lanzerac wa chaka cha 1959. Kenaka inadza nyengo yonyozedwa: akatswiri a ku Britain atabwera mu 1976 anati amanunkha penti ndi misomali yadzimbiri, ndipo alimi ena anazula minda yawo. Kanonkop sinazule. Mu 1991 wofulula wake wa nthawiyo, Beyers Truter, anapatsidwa ulemu wa wofulula wopambana pa mpikisano waukulu wa ku London chifukwa cha Pinotage yemweyo. Mipesa ina pano inadzalidwa mu 1953 ndipo ikuberekabe, pang'onopang'ono monga achitira okalamba.

M'chipinda cholawira ndinayamba ndi Kadette, wotsikirako mtengo. Ameneyu ndi wochezeka, zipatso zake zili poyera, safuna kumunyengerera. Pinotage weniweni wa mundawu anali wakuda, wa fungo la maula akupsa, wolemera koma wosatopetsa. Ndiye panabwera vinyo wotchedwa Paul Sauer, wosakaniza mphesa za Cabernet Sauvignon, Cabernet Franc ndi Merlot, amene amagona zaka ziwiri m'migolo yatsopano ya oak wa ku France, mgolo uliwonse malita 225, kutanthauza mabotolo 300. Kunena zoona, pakumwa koyamba sanandisangalatse. Anali wouma, wotseka pakamwa ngati munthu wosafuna kucheza. Mayi amene ankatithirira anaona nkhope yanga n'kuseka. Anati ndisamvere zimene zikuchitika vinyo ali m'kamwa, ndimvere zimene zitsale ndikalavula. Ndinayesanso. Malovu anayamba kutuluka m'mbali mwa lilime, umene uli umboni wa kuwawasa kwabwino. Kumanga kuja kunali kosalala, osati kwa mchenga. Ndipo kakomedwe ka zipatso zakuda kanakhalabe kukhosi nthawi yaitali, mwakuti alamu anamaliza nkhani yonse ya matayala ine ndikukamvabe.

Kuseri kwa botolo lake kuli kachithunzi kosonyeza zaka zimene vinyoyo akuyembekezeka kufika pachimake. Ndachikonda chimenechi, chifukwa mwini katundu akukuuza yekha kuti usamutsegule lero. Paul Sauer wa 2015 ndi amene katswiri wa ku Britain Tim Atkin anamupatsa malikisi 100 pa 100 mu 2018, ndipo mtengo wake unathawa nthawi yomweyo. Malikisiwa ine ndimawatenga ngati maganizo a munthu mmodzi pa tsiku limodzi, koma pa lesitilanti amagulitsa vinyo kuposa pakamwa panga.

Lachitatu, Meerlust, ndi madzulo m'tauni ya Stellenbosch

Munda wa Meerlust uli kumwera, kufupi ndi nyanja ya False Bay, ndipo mphepo yake inatilanda zipewa tisanatseke n'komwe zitseko za galimoto. Mphepo imeneyi ndi chuma. Imaziziritsa minda masana, mphesa n'kumapsa mosathamanga, shuga osakwera msanga kusiya kuwawasa m'mbuyo. Banja la Myburgh lakhala pamalowa kuyambira m'ma 1750. Vinyo wawo wotchuka, Rubicon, anayamba ndi zokolola za 1980, Nico Myburgh atabwerako ku Bordeaux, ku France, ndi maganizo osakaniza mitundu ya mphesa monga amachitira kumeneko, mothandizana ndi wofulula wake wa ku Italy, Giorgio Dalla Cia.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti chaka chikavuta, Rubicon satuluka. Zinatero mu 2002 ndi mu 2011: vinyo amene akanakhala Rubicon anagulitsidwa motchipa pa dzina wamba la Meerlust Red. Amene anagulitsapo kanthu akudziwa kuwawa kwake kotsitsa wekha mtengo wa katundu wako pamene ogula ambiri sakanazindikira kusiyana. Apa mpamene ndamvetsa kuti chaka cholembedwa pabotolo si chokongoletsa. Chimanena za mvula, dzuwa ndi mphepo ya nyengo imeneyo. Ku Cape kuno 2009, 2015 ndi 2017 ndi zaka zotamandidwa. 2017 inali mkati mwa chilala chija chinatsala pang'ono kuumitsa mipopi ya Cape Town, ndipo mphesa zinatuluka zing'onozing'ono, makoko ambiri madzi ochepa.

Madzulo tinakumana ndi mnzanga wa ku Zimbabwe amene ntchito yake ndi yosankhira alendo vinyo pa hotela ina. Anabwera ndi mabotolo awiri a Cabernet ya munda umodzi wa ku Stellenbosch, lina la posachedwapa, lina la 2009 limene wakhala akulisunga m'chipinda chozizira cha kuntchito kwake. Lakalelo analiimika chilili kuyambira dzulo kuti nsenga zikhale pansi, ndipo pothira ankapendeka pang'onopang'ono atayatsa tochi ya foni kukhosi kwa botolo, kuti aone pamene nsengazo ziyambire kubwera.

Tinaika matambula awiri papepala loyera. Wamng'onoyo anali wakuda mopita ku pepo mpaka m'mphepete. Wamkuluyo pakati anali wofiira, m'mphepete mwa mtundu wa njerwa yootcha. Mnzangayo anafotokoza kuti zaka zikamapita, tanini ndi utoto wa m'makoko zimagwirana, zina n'kulemera n'kugwera pansi. Nsenga zija n'zimenezo, ndipo n'chifukwa chake vinyo wakale amayera maonekedwe n'kufewa pakamwa. Kampweya kochepetsetsa kamene kali m'botolo kamathandiza kusinthako. Kakachuluka, vinyo amafa.

Nditanunkhiza wa 2009 ndinangoti chete. Zipatso zinalipo, koma ngati zouma, ndipo pamwamba pake panali fungo limene ndinakula nalo ku Kasungu: fodya wa bale atauma m'chigafa, m'mawa kukali chinyezi, nthawi imene tinkamutsitsa kuti timange. Ndinamuuza mnzangayo ndikuopa kuti andiseka, koma iye anati akatswiri amalemba zomwezo, fodya, mkungudza ndi dothi lonyowa. Pakamwa kumanga kuja kunali kutasungunuka, kuwawasa kudakalipo kumugwira vinyoyo kuti asagwe. Kukoma kwa wamng'ono n'kwaphokoso, kumakufikira usanakufunse. Kwa wamkuluyu umachita kukutsatira, ndipo mphindi zikamapita m'tambula kumasintha. Alamu, amene anangonunkhiza, anati wamng'onoyo ndiye akununkhira bwino. Sindinawatsutse. Anthu ambiri amakonda vinyo ali mwana, ndipo si mlandu.

Anzathu a ku Zimbabwe ntchito iyi anaigwira zolimba. Tinashe Nyamudoka ndi Joseph Dhafana anayambira pansi m'malesitilanti a kunoku, mu 2017 anali m'gulu limene linaimira dziko lawo ku France pa mpikisano wozindikira vinyo osaona botolo, ndipo lero aliyense ali ndi vinyo wa dzina lake. Ife Amalawi tadzaza m'makhitchini ndi m'minda momwemu, koma mphuno zathu sitinaziyese ndalama.

Lachinayi, pakati pa Stellenbosch ndi Paarl

Munda wa m'mawa uno sindiutchula. Geti lalikulu, udzu wometedwa bwino, botolo lolemera moti ungaphwanyire mtedza. Vinyo wake atangothiridwa, chipinda chonse chinanunkhira khofi ndi chokoleti, ndipo pabotolo panalembedwa kuti ukali wake ndi 15 peresenti. Pakumwa koyamba unkati wapeza chuma. Pachitatu kukhosi kunali kutentha, lilime litatopa, malovu osatuluka. Fungo la khofilo si la mphesa, limachokera ku matabwa a oak owauka kwambiri pamoto. Mnyamata wothirayo anati tingathe kumusunga zaka 20. Mwaulemu ndinangogwedeza mutu, koma mumtima ndinati chikomekome cha mkuyu. Matabwa ndi ukali sizisunga vinyo. Zipatso zikadzatha, padzatsala thabwa ndi moto basi.

Potuluka tinaima m'mbali mwa msewu pamene gulu la othyola linkapumula pamthunzi wa thirakitala, ndipo tisanatsike n'komwe tinamva Chichewa. Anali anthu a ku Ntcheu ndi ku Mangochi, osakanikirana ndi a ku Lesotho ndi eni dera. Titapatsana moni ndi kufunsana za kumudzi, bambo wina wachikulire anandifunsa chimene tikuyendera. Nditawauza anaseka.

"Achimwene, vinyo wa mabotolo odulawo ine sindinamulawepo. Koma mphesa yake ndikuidziwa kuposa bwana."

Anathyola kamphesa kamodzi n'kundipatsa. "Musameze. Tafunani khoko, kenaka njere. Njere ikakhala yobiriwira n'kumawawa, sinapse, ngakhale madzi atsekemere bwanji. Ikakhala yofiirira n'kuthetheka padzino, imeneyo ndiye yake."

Ndinatafuna, inathetheka. Zimene mayi wa ku Kanonkop ankandiuza za kumanga kosalala zimayambira apa, pa tsiku limene kapitawo wanena kuti lero tithyole. Bambowo anandionetsanso mzere wina wa mipesa ya masamba ofiira piriwiri opindikira pansi, imene alendo amaikonda pojambula. Ati imeneyo ndi yodwala. Ndi matenda a vayirasi ofalitsidwa ndi tizilombo toyera tokhala ngati ufa, ndipo mpesa wogwidwa umalephera kupsetsa bwino zipatso zake. Vinyo wake amatuluka wosakhwima, wa fungo la masamba aawisi.

Za malipiro sanafune kunena zambiri pamaso pa anzawo, inenso sindinakakamize. Mbiri yake ndi yodziwika. Kwa zaka mazana antchito a m'minda ino ankalipidwa mbali ina ndi vinyo wotchipa, kangapo patsiku. Lamulo linaletsa mchitidwewu mu 1960 koma unapitirira mpaka m'ma 1990, ndipo zipsera zake zikuonekabe pa ana obadwa ovulala ndi mowa m'madera ano. Sitalaka ya antchito a m'minda imene inayambira m'tauni ya De Doorns mu 2012 ndiyo inakweza malipiro otsikitsitsa a tsiku kuchoka pa R69 kufika pa R105 chaka chotsatira. Zinthu zikusuntha, koma mwaulesi. Ntsiki Biyela wa ku KwaZulu-Natal, mmodzi mwa amayi oyamba achikuda kukhala ofulula vinyo m'dziko lino, tsopano ali ndi kampani yakeyake ya Aslina; minda yokha idakali m'manja momwe inalili.

Lachisanu, Riebeek-Kasteel

Dera lino la Swartland ndi dziko lina. Mapesi a tirigu mbali zonse, dzuwa loswa mtengo, ndipo kuno ambiri anamaliza kale kukolola. Mipesa yambiri siyendetsedwa pa waya. Imangokhala tizitsamba tofika m'mawondo, topanda mthirira, masamba ake akuphimba zipatso kudzuwa. Kale dera lino linkangodziwika ndi vinyo wochuluka wa makopaletivi. Wofulula wina, Eben Sadie, atatulutsa vinyo wake wa Columella woyamba wa chaka cha 2000, kuchokera ku mphesa za Syrah ndi Mourvèdre, maso a dziko anatembenukira kuno.

Pa kasitolo kena ka vinyo m'tauni muno ndinalawa Syrah wa minda iwiri yosiyana dothi. Wa m'dothi la nsangalabwi za granite za ku Paardeberg anali wonunkhira maluwa, wopepuka, wowawasa bwino. Wa pa miyala yosendeka ya schist ya ku Kasteelberg anali wothina, wa tsabola, womanga kwambiri. Mphesa imodzimodzi, mtunda wosakwana ola limodzi pagalimoto. Ofulula a kuno Chris ndi Andrea Mullineux amaika dala Syrah wawo m'mabotolo atatu, Granite, Schist ndi Iron, kuti munthu amve yekha zimene dothi limachita.

Koma amene wasokoneza maganizo anga ndi Cinsaut wa mipesa yakale, wokhala ndi chidindo cha bungwe la Old Vine Project chimene chimaperekedwa ku minda ya zaka 35 kapena kuposerapo, chaka chodzalira chili pomwepo. M'tambula ndi wofiira moonekera, pakamwa wopepuka, ukali wake wotsika. Ndikanamuona pa lesitilanti ndikanati wa lero lomwe. Mwini sitoloyo anandikumbutsa za Chateau Libertas, vinyo wamba wa m'masitolo amene anayamba mu 1932. Mabotolo ake a m'ma 1950, amene anali ndi Cinsaut wambiri ndipo sanaone mgolo watsopano, akatsegulidwa masiku ano amadabwitsa akatswiri, adakali amoyo. Chimodzimodzi GS Cabernet wa 1966, amene wofulula George Spies anangomupanga moyeserera, lero ali m'gulu la vinyo wolemekezeka kwambiri amene dziko lino linatulutsapo. Palibe mwa amenewa anali wonenepa. Chimene anali nacho ndi kuwawasa kokwanira, tanini wakupsa, ndi zipatso zosapserera ndi dzuwa, zonse pamlingo wakuti china chisapondereze chinzake. Ndikaganiza za botolo lolemera la dzulo lija, ndikuona kuti ogula ambiri timasocheretsedwa ndi kulemera.

Usiku uno tadya nyama yankhosa yootcha ndi Syrah wa schist uja. Mafuta a nyama anameza kumanga konse, vinyo n'kukhala ngati wawonjezera zaka zisanu pa mbale imodzi. Amene alibe podikirira, njira yachidule ndi imeneyo, kapena kumuthira mu jagi ola limodzi asanamwe.

Loweruka, pobwerera

M'buti muli mabotolo ochepa, okutidwa ndi majekete kuopa dzuwa. Ambiri ndi oti ndimwe chaka chino kapena chamawa, chifukwa vinyo wochuluka wa m'masitolo amapangidwira zimenezo ndipo kumusunga n'kungomukalambitsa. Limodzi lokha ndi lodikira, ndipo ilo ndilo landipatsa mutu. Vinyo wosunga amafuna malo amdima, osagwedezeka, ozizira madigiri 12 mpaka 14 chaka chonse, botolo litagona kuti chotsekera chake chisaume n'kulowetsa mpweya. Kachipinda kanga ka malata mu Januwale kamatentha ngati uvuni, ndipo kutentha kopyola madigiri 25 kwa miyezi kumamuphika vinyo ali m'botolo. Ndapangana ndi mnzanga wa ku Zimbabwe uja kuti likagone kuntchito kwake, dzina langa litalembedwa pakapepala. Ngakhale atasungidwa bwino chotere, chotsekera china chimakhala ndi nthenda yake imene imanunkhitsa vinyo ngati katoni yonyowa, ndipo zimenezo umadzazidziwa tsiku lotsegula.

Tikudutsa Malmesbury alamu anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati zonsezi zikukhudzanso botolo limene abwana awo akale anawapatsa. Ati lili ku Salima, m'kabati yagalasi ya pabalaza, liri chilili pafupi ndi zenera, ndipo akulisungira ukwati wa mwana wawo woyamba, amene panopa ali Sitandade 6. Ndinawafunsa kuti lakhalapo nthawi yaitali bwanji. Ati chichokereni iwo kumudzi.

Anapatukira pa malo omwetsera mafuta n'kuimbira foni mlongo wanga. Ndinawamva akuti alitsegule Lamulungu likudzali, amuitane m'bale wawo amene amamwa kuti alawe, ndipo akaona kuti nkhope yake yakwinyika, athire mumphika wa nyama.